Ababa Akugona M'chipinda Chanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Chiperoni chatigwira sabata yonse, phiri silikuoneka n'komwe, ndiye ndakhala pakhonde nditafunda chitenje chanu chobiriwira chija, ndati lero ndikulembereni. Nkhani zachuluka kuchokera pamene tinakuperekezani, ndipo ilipo imodzi imene ndikufuna muimve kuchokera kwa ine, osati kwa anthu amene akubwera kumeneko ndi nkhani zodukaduka. Koma ndiyambe ndi zokoma, paja munkati mlendo samulonjera ndi uthenga wa maliro.

Tereza, mdzukulu wanu amene munamusiya akadali kupulaimale, anakwatiwa ndi mnyamata wa kwa Mpama, wofatsa, wolima tomato. Mwezi wathawu wachira ndi mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Matilida. Zala zake n'zazitali ngati zanu, moti amayi a kumphakati atabwera kudzaona mwana anati woumba mbiya wabweranso. Ine ndinaseka, koma mumtima ndinati adzaumba ndi chiyani, poti kudambo kuja kumene munkakumba dongo anadzalako bulugamu, ndipo atsikana a lero amatunga madzi m'ndowa za pulasitiki.

Chimanga chaka chino tapeza. Bambo a Tereza anapeza kuponi ya feteleza, mvula nayo sinatinyenge, nkhokwe yadzaza mpaka china tasunga m'matumba. Nandolo wabereka moti nthambi zikugwa. Mtengo wanu wa mapeyala unagwa ndi mphepo, unaphwanya khola la nkhuku, koma nkhuku sizinafe. Amalume a Jailosi, mlongo wanu, bondo likuwavuta, ayamba kuyenda ndi ndodo, komabe pakamwa mpomwe paja.

Ine ndikadali kuchipatala cha mishoni, koma sindikukolopanso m'mawodi. Chizungu chija munandiphunzitsa ndi ndalama za mbiya zanu chandithandiza. Tsopano ndimakhala m'chipinda cha adokotala, kumasulira zimene odwala akunena ndi zimene adokotala akuyankha. Ndipo Amayi, mankhwala otalikitsa moyo aja, amene tinkangowamva m'mphekesera inu muli chigonere, anafika. Anafika mutangopita kumene. Ndaona ndi maso anga anthu obwera atanyamulidwa pamachira akubwerera kukalima. Anthu onse ankayamika Mulungu. Ine ndinkayamika ndi pakamwa, koma aliyense akadzuka, mumtima mwanga munkabwera funso limodzi: nanga amayi anga analakwanji kuti asadikire pang'ono?

Adokotala amene ndimawamasulira dzina lawo ndi a Hana, mayi wa imvi mutu wonse, wamfupi ngati inu. Ndi Myuda. Nditamva koyamba ndinadabwa, chifukwa ine ndinkayesa kuti Ayuda anathera m'mawerengo a kutchalitchi. Koma alipo, Amayi. Amadwala chimfine ngati ife, ndipo chinangwa chootcha sachiona kawiri. Nkhumba sadya. Lachisanu dzuwa likamalowa amayatsa makandulo awiri, ndipo Loweruka sagwira ntchito pokhapokha wodwala akhale pakati pa moyo ndi imfa. Amandiitana Felista basi, ngati mwana wawo. Timayankhulana m'Chizungu, koma inu ndikuuzani m'Chinyanja chathu.

Loweruka lina masana ndinawapititsira mbatata. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akuwerenga buku lakale lachikuto chong'ambika. Ankalitsegula chakumbuyo, ndipo chala chawo chinkayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Zilembo zake zinali ngati timipando tating'ono toimikidwa pamzere. Ndinawafunsa kuti ndi buku lanji.

"Linali la bambo anga," anatero. "Limakamba zobisika. Mmene Mulungu analili dziko lisanakhalepo, chifukwa chake dziko lili losweka chonchi, ndi kumene kuwala kwake kunakabisala. Kwathu nzeru imeneyi amaitcha Kabala. Tanthauzo lake ndi kulandira."

Nditamva zoti chifukwa chake dziko lili losweka, ndinaika dengu pansi.

"Ndiphunzitseni," ndinatero.

"Ukufuna kudziwa chiyani?"

"Ndikufuna kudziwa chifukwa chake mayi anga, amene sanadziwepo mwamuna wina, ali kumanda, koma amene anawabweretsera matendawo akuyenda."

Mundikhululukire, Amayi, nkhani ya m'nyumba mwanu ndinaiulula kwa mlendo. Inangotuluka yokha.

A Hana anatseka bukulo n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anandifotokozera za bambo awo. Pa nkhondo yaikulu ya ku Ulaya, abale awo onse anaphedwa chifukwa chongokhala Ayuda, anatsala okha ngati chitsa m'munda. A Hana ali mtsikana anawafunsa funso lofanana ndi langa, n'kuwapempha kuti awatsegulire bukuli. Bambowo anakana. Anati akuluakulu akale analamula kuti zimenezi munthu asazikhudze asanafike zaka makumi anayi, asanadziwe bwino zinthu zapoyera, ndiponso mtima wake usanakhazikike. Ena amene analowamo mothamanga anasokonekera mutu, ena anataya chikhulupiriro chimene anali nacho.

"Ndiye ndi kalongonda," ndinatero.

Anandifunsa kuti kalongonda n'chiyani. Ndinawauza mmene munkaphikira, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso tsiku lonse, ife ana tikulira njala, inu mukuti wodya kalongonda wosapsa amavina popanda ng'oma. Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti bambo awo akanamvana nanu.

"Ndiye ndingokhala kudikira zaka zikwane?" ndinafunsa.

"Zaka zimakwana zokha, Felista. Mtima ndiwo sukwana wokha. Bambo anga anandipatsa ntchito. Anati ndisankhe khalidwe limodzi mwa ine, ndizilipalira tsiku ndi tsiku ngati mzere umodzi wa m'munda, ndikamaliza ndigwire lina. Ukafuna kulandira, uyambe wakonza cholandirira."

Pamenepo ndinamva mawu anu enieni, Amayi, amene munkandiuza ndikafuna kutunga madzi ndi mtsuko umene mwangoumba kumene: mtsuko wauwisi sathiramo madzi, umataya madzi n'kudzitayanso wokha.

Ndinawafunsa kuti ine ndiyambire pati. Ndinkayembekeza pemphero lachinsinsi, kapena kusala kudya. Iwo anandiyang'ana kanthawi.

"Chinyanja ndimamva pang'ono, koma nkhope ndimawerenga. Akalowa mayi wodwala, ndikanena mawu ochepa, iwenso umanena ochepa. Akalowa bambo, ndikanena mawu ochepa omwewo, iwe umanena ambiri, ndipo nkhope yake imagwa."

Manyazi anandigwira. Zinali zoona. Adokotala akati imwani mankhwala m'mawa ndi madzulo, ine ndinkawonjezera zanga: mwaziona tsopano zimene munkazifuna, akazi anu mwawapha kale kunyumba. Ndinkati ndikuwalangiza.

"Yambira pamenepo," anatero. "Usawonjezere, usachotse. Mawu a munthu uwanyamule ngati madzi a eni ake."

Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa. Ndinapita kukafuna zobisika za kumwamba, ndinabwerako ndi chidzudzulo. Bambo a Tereza nditawauza, anachita mantha. Paja masiku ano anthu akamva za nzeru zobisika amaganiza za opopa magazi. Anati ndikafunse kaye kwa ansembe. Ndinapitadi. Bambo mfumu anamvetsera, kenako anati, "Amayi Maria amene mumawapempha tsiku lililonse anali a mtundu wanji? Ngati adokotalawo akuuzani kuti musiye kukalipira odwala, ndiye anena zimene ine ndalephera kukuuzani." A Hana nawonso sanandikokerepo kuchipembedzo chawo. Amati ine ndikhale Mkatolika wabwino, iwo akhale Myuda wabwino, Mulungu sadzasokonezeka.

Ntchitoyo inali yovuta kuposa kugaula mphanje. Mawu ankafika pammero, ine n'kuwameza. Koma patapita miyezi ndinaona chinthu. Abambo aja nditasiya kuwakalipira anayamba kuyankhula. Wina anati akuopa kuuza mkazi wake, wina anati ana ake sakudya. Ndinapeza kuti zaka zonsezi ndinkaona munthu mmodzi yekha, ababa, pampando wa odwala uja, ngakhale kuti okhalapo ankasinthana.

Kenako a Hana anandipatsa mzere wachiwiri: kumvetsera munthu mpaka amalize. Mukundidziwa, Amayi. Munkati lilime langa limafika kumsika miyendo ikadali pakhomo. Ndinayesera pa bambo a Tereza. Tsiku lina anayamba nkhani ya nkhokwe, ine n'kudziluma mlomo. Anayankhula, anaima, anandiyang'ana modabwa kuti sindikuwadula, anapitiriza. Nkhani ya nkhokwe inakathera pa inu. Anati akamamanga nkhokwe amakumbukira mmene munkawabweretsera thobwa n'kumawaseka kuti nkhokwe yawo yapendekeka ngati woledzera. Anati amakusowani. Ine ndinkayesa kuti wolira maliro anu pakhomo pano ndine ndekha.

Musaganize kuti ndasanduka woyera. Mbuzi za anansi zitalowa m'dimba n'kudya kabichi wanga, mudzi wonse unamva mawu anga mpaka kumsewu. Nditakawauza a Hana, anati nawonso sabata yomweyo anakalipira dalaivala popanda chifukwa, ndipo iwo akhala akupalira mzere umenewo kuyambira ine ndisanabadwe. Loweruka lililonse ndinkayang'ana buku lija pamiyendo pawo, iwo osalitsegula. Tinkangodya mbatata n'kumakamba za sabatayo.

Tsopano ndifike pa nkhani ija.

Mukukumbuka mmene zinayendera. Ababa anatisiya n'kupita ku Limbe ndi mkazi wina. Anabwerako akutsokomola, atatha ngati chikuni. Ine ndinati abwerere kumene anadyera ndalama zawo, inu munawayalira mphasa. Munawasamalira mpaka anadzuka, kenako munagona ndinu. Titatha kumeta, amalume anawamasula, iwo n'kubwerera kwawo kwa Kadewere. Kuchokera tsiku limenelo sindinawaonenso, ndipo sindinafunse za iwo.

M'mawa wina, nthawi ya masika, chitseko cha chipinda chathu chinatseguka, n'kulowa mkulu wina atagwira chipewa m'manja. Ndinayamba kuzindikira jekete, lija munalisoka chigamba pachigongono. Nkhope ndinaizindikira pambuyo, chifukwa inali itatsala mafupa. Anandiona, anaima.

"Felista, mwananga."

"Khalani apo, bambo," ndinatero, monga ndimanenera kwa wodwala aliyense.

A Hana sanadziwe kanthu, paja mkulu aliyense amati mwananga. Anawapima, anaona zotsatira za magazi, n'kuyamba mafunso. Inu simunaonepo mmene timamasulira. Womasulira sanena kuti akuti, amayankhula ngati ndi mwini wakeyo. Wodwala akati mutu ukundipweteka, inenso ndimati mutu ukundipweteka.

"Mumakhala ndi ndani?"

"Ndekha. Mlongo wanga amene ankandisunga anamwalira chaka chatha."

Ndinamasulira.

"Amakuphikirani ndani?"

"Ndikapeza mphamvu ndimaphika. Ndikapanda kupeza ndimagona."

Ndinamasulira.

"Ana muli nawo?"

Ababa anayang'ana pansi, akuzunguza chipewa chija.

"Ndinali nawo. Ndinawataya ndekha."

Amayi, mawu amene anafika pammero panga tsiku limenelo akanakwana kuwotcha chipatala chonse. Ndinali nditawasunga zaka zonsezi, ndinali nditawanola. Koma pakamwa panga panali patazolowera kale njira ina. Ndinamva mawu anga akunena m'Chizungu kuti ndinali nawo ana, ndinawataya ndekha. Ndinawanena ngati anga. Pothera pake mawu ananjenjemera, ndipo a Hana anatukula mutu n'kundiyang'ana.

Anawauza ababa kuti mankhwala alipo, koma sangayambe popanda gadiyani, munthu woti aziona kuti akumwa nthawi yake ndiponso akudya. Anati abwere naye sabata yotsatira. Ababa anathokoza, anavala chipewa, anatuluka atagwira khoma.

"Ndi ndani?" anafunsa a Hana.

"Ndi amene aja."

A Hana anati, "Akadzabweranso, ukafuna wina akhoza kudzamasulira." Anathera pomwepo, n'kuitana wodwala wina. Ndinakwiya nawo, Amayi. Ndinkafuna andilamule kuti ndiwathandize ababa, kuti ndipeze wokana naye. Anandisiya ndekha ndi mtima wanga.

Sabata imeneyo ndinalima m'dimba ngati ndalembedwa ganyu. Ndinkayankhula nanu mumtima, kukufunsani kuti ndikawathandiza kodi sindiye kuti ndakugulitsani. Simunandiyankhe. Bambo a Tereza anangoti, "Zimene muchite, ine ndili pambuyo panu."

Tsiku litafika, ababa anabwera okha. Sanalowe. Anakhala pabenchi panja, anthu akulowa n'kutuluka, dzuwa likusuntha, iwo n'kumasendera kutsata mthunzi. Ndinkawaona pawindo. Masana anatulutsa kachidutswa ka nzimbe m'thumba, anayesa kusenda ndi mano, analephera, anakabwezera m'thumba. Odwala atatha, benchi yonse inatsala ndi iwo okha. Ndinatuluka.

"Gadiyani wanu ali kuti?"

"Palibe, mwananga. Ndangobwera kuti adokotala asati ndinanyozera."

"Tiyeni m'kati."

Ndinawagwira pamkono, ndipo dzanja langa linazungulira mkono wonse. Titalowa ndinawauza a Hana kuti gadiyani ndine. Sindinganame kuti chinali chikondi. Mumtima munali mouma gwa. Miyendo ndi imene inayenda.

Kwa Kadewere n'kutali koti sindikanatha kumapita m'mawa ndi madzulo, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kuwabweretsa kuno. Amalume a Jailosi atamva anabwera ndi ndodo yawo, osakhala n'komwe pampando.

"Munthu tinamumasula uja abwerenso kudzagona pamudzi pano? Mlongo wanga ali kumanda chifukwa cha ndani? Iwe Felista, amene unkakana kuti asalowe m'nyumba muja si iwe?"

Ndinali ndi mayankho, koma ndinawasiya ayankhule. Anayankhula za tsiku limene ababa anabwera kudzakufunsirani, za mmene munkayendera wapansi mpaka ku Njuli mitsuko ili pamutu, za mmene anakunyamulirani kupita nanu kuchipatala muli wopepuka ngati mwana. Atafika pamenepo mawu anawathera, anakhala pansi n'kulira. Ine ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro anu. Atapukuta m'maso anati, "Nyumba ndi yako. Koma ine moni sindimupatsa." Mpaka lero sawapatsadi. Koma dzana kunabwera phava la nthochi kuchokera kwawo, osanena kuti ndi la ndani, ndipo pakhomo pano wokonda nthochi amadziwika.

Chinatsala ndi malo ogona. Nyumba yathu mukuidziwa kuchepa kwake. Malo okhawo anali chipinda chanu, chimene ndinachitseka kuchokera tsiku la maliro. Munali mitsuko yanu yomaliza, ina yootcha, ina imene munaumba mphamvu zikutha, yosaotcha. Munali nkhulungo yanu yosalazira mbiya, lichero lanu, ndi fungo lanu. Ndinkalowamo ndikapsinjika, kukhala pansi pakati pa mitsukoyo n'kutulukamo ndili bwino. Munali mwanga ndi inu, wina aliyense ayi.

Ndinatulutsa umodziumodzi. Ina ndinapatsa Tereza, ina ili kukhitchini, waukulu uja uli pakhonde tikusungiramo madzi akumwa. Mwa yosaotcha ija, umodzi unaphwanyikira m'manja mwanga ndisanafike pakhomo. Pachidutswa china panali chidindo cha chala chanu. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira kulira kumene sindinalire pamaliro, poti nthawi ija ndinatanganidwa ndi kukwiya. Nditatha ndinasesa, ndinazira pansi, ndinaika bedi. Madzulo ake ababa anafika pa kabaza atagwirira woyendetsa m'chiuno, katundu wawo yense ali m'jumbo imodzi. Ataona chipinda chimene ndawakonzera anaima pakhomo nthawi yaitali. Anavula nsapato asanalowe.

Ndiyo nkhani imene ndimafuna muimve kwa ine, Amayi. Ababa akugona m'chipinda chanu.

Loweruka lotsatira ndinawafotokozera a Hana zonse, za amalume, za mitsuko, za nsapato. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anapukuta manja, anatenga buku lija n'kulitsegula pamaso panga koyamba.

"Zaka zako sizinakwane," anatero, "koma ndikuuza chinthu chimodzi, choyamba chimene bambo anga anandiuza. Akuluakulu athu anafunsa kuti, ngati pachiyambi Mulungu anali ponseponse, wodzaza zonse, dziko likanakhala pati? Panalibe malo ngakhale a kambewu kamodzi. Ndiye amati Mulungu asanalenge kanthu, anayamba wadzikoka, anadzichepetsa, n'kusiya malo opanda kanthu m'kati mwa iye mwini, kuti china chimene si iye chipeze pokhala. Kupatsa kunabwera pambuyo. Choyamba anasendera."

M'maganizo ndinaona chipinda chija chili chosesa, mitsuko itatuluka, bedi lisanalowe.

Kenako ndinawauza kuti akanandiuza zimenezi tsiku loyamba lija, ndikanati ndi zomwezo, Mulungu anachoka n'kutisiya tokha, n'chifukwa chake amayi anga anafa popanda wowaona. Ndikanatuluka pansi pa mtengowo ndi mwala wina woti ndizimugenda nawo.

"N'chifukwa chake sindinakuuze," anatero. "Mawu ndi omwewo. Wasintha ndi wowamva."

Ndinawafunsa ngati m'kati mwa bukulo, kutsogolo, muli yankho la funso langa lija. Sananame. Anati iwo awerenga zaka zambiri, yankho loti munthu n'kuligwira m'manja sanalipeze, ndipo bambo awonso sanalipeze. Koma anati bambowo anamwalira ali munthu wofewa, woti ana a anansi ankathamangira kukakhala pamiyendo pawo, pamene anzawo ena amene anaona zomwezo pa nkhondo ija anafa mitima ili ngati makala. Akuti kutsogoloko kuli nkhani ya ziwiya zimene zinalephera kusunga kuwala n'kusweka, ndi ya ntchito yotola tizidutswa. Ndinati imeneyo mwana wa woumba mbiya ayenera kuimva. Anati idikire, ndipo ndinadabwa kuona kuti kudikirako sikunandiwawe. Mvula ikubwerayi ndikwanitsa zaka makumi anayi. Kaya adzakhala akadali kuno, poti ana awo akuwaitana kwawo, sindikudziwa. Mzere umene ndikupalira panopa ndi wa kuthokoza, ndipo udzu wake ndi wambiri.

Ababa mankhwala awayanja. Masabata oyamba ankasanza ndi kulota zoopsa, koma tsopano masaya abwerera, akuyenda mpaka kudimba. Anakonza khola la nkhuku lija, lili bwino kuposa kale. Musaganize kuti zonse zasalala. Amatafuna mokweza monga kale, amatsegula wailesi m'mamawa, ndipo masiku ena ndikawaona atakhala padzuwa ali ndi moyo, mkwiyo uja umabweranso. Ndikatero ndimapita kukatunga madzi ngakhale mumtsuko muli modzaza. Za inu sitinkakambapo. Dzina lanu linkakhala pakati pathu ngati munthu wachitatu pamphasa.

Lamulungu lapitali titabwera ku Misa, tinakhala awiri pabwalo tikusenda nandolo. Bambo a Tereza anali atapita kumsonkhano wa kumphakati. Tinasenda nthawi yaitali. Kenako ababa, maso ali m'lichero, anati:

"Tsiku limene amayi ako anatisiya ndinali nditapita kukaitana ansembe. Pobwera ndinapeza atatseka kale maso. Iwe unalipo."

"Ndinalipo."

"Kodi ananditemberera? Usandibisire, mwananga. Ndikhoza kusenza."

Mukukumbuka zimene munanena, Amayi? Ine sindinaiwale. Munali mutakhala masiku osayankhula. Ndinakunyowetsani milomo ndi kansalu, munatsegula maso, ine n'kuweramira pafupi kuyembekeza kuti mundisiyira mawu oti ndiziyenda nawo moyo wanga wonse. Inu munati, "Kodi abambo ako adya?" Basi. Simunanenenso kanthu. Mawu amenewo anandipweteka kuposa imfa yanu, moti sindinauzepo munthu, ndipo panalibe amene anandifunsa.

Ndinawauza ababa monga momwe munanenera.

Manja awo anaima. Anakhala choncho, khoko la nandolo lili pakati pa zala. Ndinkayesa alira mokweza, koma ayi. Misozi inkangotsika n'kumagwera m'lichero, iwo osaipukuta. Patapita nthawi anati, "Matilida," motsitsa, ngati akukuitanani muli kuseri kwa nyumba. Kenako anatola khoko lina n'kupitiriza kusenda. Inenso ndinapitiriza. Nandolo ameneyo ndinaphika madzulo ake, tinadya tonse.

Mwezi wa Novembala, tsiku lokumbukira omwalira, tidzabwera kudzalambula pamanda panu. Ababa apempha kuti adzabwere nawo, ndipo ndavomera. Amalume ndikawauza ndekha, ndipo ndikawamvetsera mpaka amalize.

Funso lanu lija linakhala zaka zonsezi popanda wokuyankhani. Adya, Amayi. Lero m'mawa adya mbatata ndi tiyi wamkaka, masana adya mpaka kupempha ndiwo zina. Ndikukulonjezani kuti masiku onse amene Mulungu wawasungira, mukafunsanso, yankho lidzakhala lomwelo.

Gonani bwino. Ndimakukondani, ndipo ndikukusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Felista